Mbiri ya Bambo Terry Pettit ndi Mpira wa Atsikana ku Nebraska

Pa 30 August caka ca 2023, mu mzinda wa Lincoln, m'cigawo ca Nebraska ku America, anthu 92,003 anasonkhana m'bwalo limodzi kudzaonerera atsikana a pa koleji akusewera mpira wa volleyball. Tsiku limenelo Yunivesiti ya Nebraska inatseka makalasi ake, ndipo anthu anafika kucokera m'mizinda ndi m'midzi ya cigawo conseco. Ciwerengero cimeneci cinaposa ca anthu 91,648 amene anaonerera mpira wa miyendo wa akazi ku Barcelona mu 2022, cimene kufikira pamenepo cinali kudziwika kuti ndico cacikulu koposa pa masewera a akazi. Koma zaka 46 m'mbuyo mwake, pamene mphunzitsi wina wa Cingerezi, Bambo Terry Pettit, analandira timu yomweyo, oonerera ake anali owerengeka, ndipo kutali ndi kwao panalibe woiopa. M'nkhani ino ndifuna kulongosola kwa inu, aphunzitsi anzanga, m'mene kusintha kumeneku kunacitikira, pakuti mbali yaikulu ya nchitoyo inagwiridwa m'masukulu ang'onoang'ono, ndi manja a aphunzitsi onga ife.

Masewerawo ndi kumene anacokera

Poyamba ndiyenera kunena pang'ono za masewerawo, kuti zimene zikudza kutsogoloku zimveke bwino. Volleyball inayambika mu 1895 m'tauni ya Holyoke, m'cigawo ca Massachusetts. Woiyambitsa anali William G. Morgan, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi wa bungwe la YMCA, amene anafuna kupezera amuna acikulire masewera opanda kugundana ndi kukankhana. Anamanga ukonde pakati pa bwalo, nauza magulu awiri kuti aziponyerana mpira pamwamba pake osaulola kugwa pansi. Kucokera pamenepo masewerawo anafalikira m'maiko ambiri, ndipo mu 1964 analowa m'masewera a Olympic ku Tokyo.

Timu iri yonse imakhala ndi osewera 6, m'bwalo la mamita 18 m'litali ndi 9 m'lifupi, ndipo ukonde wa akazi umakwezedwa mamita 2.24 kucokera pansi. Lamulo lalikulu ndi ili: timu iloledwa kukhudza mpira katatu kokha isanaubweze kutsidya, ndipo palibe aloledwa kuugwira ndi kuusunga m'manja. Motero woyamba amaulandira ndi mikono, waciwiri amaukweza ndi zala pafupi ndi ukonde, ndipo wacitatu amalumpha naumenya mwamphamvu kuti ukagwe m'bwalo la adani. Wolandira akalakwa, wokweza sangakonze kanthu. Wokweza akalakwa, womenya alumphira cabe, angakhale wamtali ndi wamphamvu cotani. Luso la mikono ndi zala limeneli munthu salipeza msanga. Lifuna zaka zambiri, ndipo mwana amene analiyamba ali wamng'ono amaposa kutali mnzake amene waliyamba atakula. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti nkhani yonseyi yatsamira pa iyo.

Nebraska mu 1977

Nebraska iri pakati penipeni pa America, kutali ndi nyanja zazikulu zonse ziwiri. Ndi dziko lacidikha, la cimanga ndi ng'ombe, ndipo pa kalembera wa 2020 anthu ake sanakwane 2 miliyoni. Matauni ake ambiri ndi ang'onoang'ono, ena a anthu mazana owerengeka okha. Yunivesiti yao inakhazikitsidwa ku Lincoln mu 1869, ndipo matimu ake amachedwa Cornhuskers, ndiko kunena kuti osenda makoko a cimanga. Kunyada konse kwa cigawoco kunali pa mpira wa amuna umene kumeneko amaucha football, wosiyana ndi mpira wa miyendo umene tiudziwa ife, pakuti mpira wake ngwoumbika ngati dzira ndipo amathamanga nao m'manja. Timu imeneyo, motsogozedwa ndi Bob Devaney, inali yoposa onse m'dziko la America mu 1970 ndi 1971, ndipo kuyambira 1962 bwalo lake, lochedwa Memorial Stadium, linali kudzaza pa masewera ali onse.

Atsikana analibe gawo m'ulemerero umenewu. Zinthu zinayamba kusintha mu 1972, pamene boma la America linakhazikitsa lamulo lochedwa Title IX, loletsa sukulu iri yonse yolandira ndalama za boma kucita tsankho pakati pa mnyamata ndi mtsikana m'maphunziro ndi m'zocitika zake zonse. Cifukwa ca lamulo limeneli makoleji ambiri anatsegula matimu a atsikana. Ku Nebraska timu ya volleyball inakhazikitsidwa mu 1975, ndipo mphunzitsi wake woyamba, Mai Pat Sullivan, anaitsogolera zaka ziwiri.

Tisaname kuti timuyo inali yogonja masiku onse ai. Pakati pa makoleji oyandikana nao inali kupambana bwino ndithu. Bvuto linali lina. Mphamvu yeniyeni ya volleyball inali ku California ndi ku Hawaii, kumene kumafunda caka conse ndipo ana amakula akusewera mpirawu pamcenga wa m'mphepete mwa nyanja. M'masukulu a ku Nebraska atsikana anali kusewera, koma mwa njira zakale, ndipo aphunzitsi ao ambiri anali asanaone m'mene akatswiri amasewerera. Anthu odziwa masewerawa anali kukhulupirira kuti cikho ca dziko lonse sicingapite ku minda ya cimanga.

Zimene Bambo Pettit anacita

Bambo Pettit anakulira ku Indiana, ndipo anaphunzira luso lolemba ndakatulo pa Yunivesiti ya Arkansas. Asanapite ku Nebraska anali kuphunzitsa Cingerezi pa koleji yaing'ono ya Louisburg ku North Carolina, kumene analinso kuyang'anira timu ya volleyball pambali pa nchito yao ya m'kalasi. Munthu wotere ndiye anapatsidwa timu ya Nebraska mu 1977. Sanali katswiri womveka. Cimene anabwera naco cinali maso a mphunzitsi, amene akaona mwana walephera sayamba ndi kumkalipira, koma amafunsa kuti mwanayu anasocera pati, ndipo anamyambitsa ndani.

Cinthu coyamba cimene anazindikira cinali cakuti atsikana aluso a ku California sakadabvomera kusiya kwao kudzakhala m'dziko lozizira, m'timu yopanda dzina. Tsono ngati akatswiri sangacokere kunja, ayenera kumera m'munda wa pakhomo. Cotero Bambo Pettit anayamba kucititsa misonkhano ya aphunzitsi a masewera a m'masukulu a sekondale, ndiponso misasa yophunzitsira atsikana pa nthawi ya chuthi. Kumeneko aphunzitsiwo anali kuona kaimidwe ka miyendo polandira mpira, kaikidwe ka zala poukweza, ndi kayendedwe ka mapazi munthu asanalumphe. Mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa bwino amabwerera ku sukulu kwake nakaphunzitsa ana makumi ambiri caka ndi caka, ngakhale ambiri mwa anawo sadzafika konse pa yunivesiti. Phindu la nchito yotere silioneka msanga, pakuti mtsikana wa zaka 12 amene waphunzitsidwa lero adzafika pa koleji patapita zaka 6. Munthu wofuna kutamandidwa msanga sakadaigwira. Koma akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo Bambo Pettit anayamba ndi mmerawo.

Caciwiri cinali kasankhidwe ka osewera. M'sukulu yaing'ono, popeza ana ndi ocepa, mtsikana mmodzi amasewera zonse: volleyball, basketball, kuthamanga ndi kulumpha. Wotereyo angakhale wosadziwa zinsinsi za volleyball, koma thupi lake ndi lofulumira, ndipo anazolowera kusenza timu ya kwao pa mapewa ake. Bambo Pettit anali kufunafuna atsikana otere, podziwa kuti luso angaliphunzitse, koma liwiro ndi mtima wolimbikira sangazipereke. Citsanzo comveka ndi Karen Dahlgren wa ku Bertrand, tauni ya anthu osakwana 1,000. Iye analowa m'timu wopanda thandizo la ndalama za sukulu limene osewera oitanidwa amalandira, koma atasewera nyengo ya 1986 analandira mphotho ya Honda, imene imaperekedwa kwa mtsikana woposa onse pa volleyball ya makoleji a ku America. Bambo Pettit anamvekanso kwambiri pa kuphunzitsa okweza mpira, amene ali ngati ubongo wa timu, pakuti ndiwo asankha m'kamphindi amene adzamenya. Mmodzi wa iwo, Lori Endicott, anakakwezera mpira timu ya dziko la America imene inatenga malo acitatu pa masewera a Olympic ku Barcelona mu 1992.

Cacitatu cinali kupeza oonerera. Timu inali kusewera m'nyumba yakale yochedwa Coliseum, imene inamangidwa mu 1926, pafupi ndi bwalo lalikulu la football. Bambo Pettit anali kuika masewera ena pa masiku omwewo amene amuna anali kusewera, kuti khamu lodutsa pakhomo lilowe ndi kuona. Ena analowa mwa cidwi cabe, koma ataona liwiro la mpirawo anabweranso. Wailesi ya kanema yotumikira cigawo conse inayambanso kuonetsa masewerawo, kotero kuti mtsikana wa m'tauni yakutali anatha kuona mnzake wocokera m'tauni yonga yake akupfuuliridwa ndi anthu zikwi. Zinthu zitatuzi zinali kuthandizana: oonerera anadzutsa cilakolako mwa ana, aphunzitsi a m'masukulu anapatsa anawo luso, ndipo anawo atakula anakometsa timu imene inaculukitsa oonerera.

Zaka za kugwera pakhomo

Pakati pa mayunivesiti oyandikana nao, mu mgwirizano wochedwa Big Eight, umene pambuyo pake unasanduka Big 12, Nebraska inalibe mnzake. M'zaka 23 zimene Bambo Pettit anatsogolera timu anatenga cikho ca mgwirizanowo ka 21. Koma cikho ca dziko lonse, cimene bungwe loyang'anira masewera a makoleji lochedwa NCAA linayamba kupikisanitsa atsikana mu 1981, cinawabvuta zaka zambiri. Kuyambira 1981 kufikira 1994 cikhoco cinaperekedwa ka 14, ndipo ka 13 cinapita ku California kapena ku Hawaii. Kamodzi kokha, mu 1988, cinatengedwa ndi Texas.

Mu 1986 Nebraska inafika pa masewera otsiriza olimbirana cikho, ndipo inali timu yoyamba ya kunja kwa California ndi Hawaii kufika pamenepo. Inakumana ndi timu ya Pacific pabwalo la eni akewo ku Stockton, nigonja ndime zonse zitatu. Mu 1989 inafikanso, ku Honolulu, ndipo Long Beach State inaigonjetsa cimodzimodzi, osailola kutenga ndime ngakhale imodzi. Koma cowawa koposa cinadza mu 1994. Caka cimeneco timu inapambana masewera 31 motsatizana osagonjapo, ndipo anthu anali kuiyesa yoposa onse m'dziko. Itatsala pang'ono kulowa m'gulu la matimu anai otsiriza, inagonjetsedwa ndi Penn State ku Lincoln komweko, pamaso pa anthu ake. Pamenepo Bambo Pettit anali atagwira nchito nyengo 18, ndipo cikho cinali cisanafike.

Apa mpamene nchito yoyalidwa pa maziko abwino imasiyana ndi yomangidwa mothamanga. Timu yodalira akatswiri awiri kapena atatu obwereka kutali imagwa iwo akacoka, ndipo mphunzitsi wake amayambanso pa ciyambi. Ku Nebraska masukulu anali kubala osewera caka ciri conse, kotero kuti kugonja kwa caka cimodzi sikunathe kuzula mtengo. Mu 1995 timu inabwerera ndi atsikana ambiri omwe aja, pakati pao Allison Weston wa ku Papillion, womenya wamphamvu, ndi Christy Johnson wa ku Omaha, wokweza mpira, onse awiri ana a cigawo comweco. Kuciyambi kwa nyengo anagonja kamodzi kwa Stanford, ndipo kucokera pamenepo sanagonjenso. Anagonjetsa Michigan State mobvutikira, ndime 3 kwa 2, ndipo pa 16 December 1995 anagonjetsa Texas ndime 3 kwa 1, natenga cikho. Masewerawo anacitikira ku Amherst, pafupi ndi Holyoke, m'caka comwe volleyball inakwanitsa zaka 100 ciyambire pamene Morgan anamanga ukonde wake woyamba. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Kusiya nchito m'manja mwa wina

Pali cinthu cina cimene Bambo Pettit anacita, cimene atsogoleri ambiri amacilephera, ndico kukonza wolowa m'malo. Pakati pa amene anawathandiza panali Bambo John Cook, amenenso anayamba monga mphunzitsi wa m'kalasi. Iwo anali kuphunzitsa pa sukulu ya Francis Parker ku San Diego, ndipo mtima wao unali pa football, koma anapatsidwa timu ya volleyball ya atsikana asakudziwa bwino masewerawo, nayamba kuwaphunzira pamodzi ndi ana ao. Anathandiza Bambo Pettit kuyambira 1988 kufikira 1991, ndipo pambuyo pake anatsogolera timu ya Yunivesiti ya Wisconsin kuyambira 1992 kufikira 1998. Mu 1999 anabwerera ku Lincoln, nagwira nchito caka cathunthu pambali pa Bambo Pettit, kuti osewera awazolowere. Kumapeto kwa nyengo imeneyo Bambo Pettit anatula pansi udindo atapambana masewera 694. Sanadikire kuti timu iyambe kufooka kapena kuti anthu atope nao. Anaisiya iri ndi mphamvu zake zonse. M'zaka zotsatira analemba mabuku ndi kulangiza aphunzitsi ena a masewera za utsogoleri.

Nzeru imeneyi inaoneka msanga. Mu 2000, caka coyamba ca Bambo Cook, Nebraska inapambana masewera onse 34, ndipo pa masewera otsiriza ku Richmond inagonjetsa Wisconsin, timu yomwe Bambo Cook anali ataimanga okha, ndime 3 kwa 2. Anatenganso cikho mu 2006 ndi 2015 ku Omaha, ndi mu 2017 ku Kansas City. Zogonja sizinasowe ai: mu 2005, 2018, 2021 ndi 2023 anafika pa masewera otsiriza nabwerera opanda cikho. Koma oonerera sanacepe. Kuyambira 2001 mipando yonse ya m'Coliseum, pafupifupi 4,000, inali kugulidwa pa masewera ali onse, kotero kuti mu 2013 timu inasamukira ku Bob Devaney Sports Center, kumene kunali malo a anthu pafupifupi 8,000, ndipo nakonso kunadzaza. Bambo Cook anasunganso mwambo wotenga timu kukasewera m'matauni ang'onoang'ono a cigawoco pa nyengo yokonzekera, kuti ana a kumeneko aone akatswiri ao ndi maso.

Zipatso za mmera uja

Tikafuna kuyesa nchito ya mphunzitsi tiyenera kuyang'ana ana amene anatuluka m'manja mwake, ndi ana a anawo. Jordan Larson anakulira ku Hooper, tauni ya anthu osakwana 1,000. Anali m'timu imene inatenga cikho mu 2006, ndipo mu August 2021 ku Tokyo ndiye anamenya mpira wotsiriza pamene akazi a ku America anagonjetsa Brazil ndi kutenga mendulo ya golidi ya Olympic, nthawi yoyamba m'mbiri yao. M'timu imeneyo munalinso Kelsey Robinson ndi Justine Wong-Orantes, onse ocokera pa Yunivesiti ya Nebraska. Christy Johnson uja wa 1995 anakhala mphunzitsi wa timu ya Iowa State mu 2005, naidzutsa pamene inali pansi. Ndipo pamene Bambo Cook anapuma pa nchito mu January 2025, wolowa m'malo mwao anali Dani Busboom Kelly, mwana wa ku Cortland, tauni ina yaing'ono ya ku Nebraska, amene anasewera m'timu ya 2006 ndipo pambuyo pake anafikitsa timu ya Louisville pa masewera otsiriza kawiri, mu 2022 ndi 2024. Motero patapita zaka 50 ciyambire timuyo, mphunzitsi wake anali mmodzi wa atsikana amene anamera m'munda uja wa pakhomo.

Tibwerere tsopano ku tsiku lija la 30 August 2023. Matimu amene anasewera tsiku limenelo anali anai, ndipo onse anali a m'cigawo comweco: poyamba Wayne State ndi Nebraska-Kearney, pambuyo pake Nebraska ndi Omaha. Sanaitane timu yomveka ya ku California kuti ikope anthu, ndipo panalibe cikho cimene cinali kulimbiranidwa. Bwalo lake linali Memorial Stadium lomwe lija. Anthu 92,003 anadza kudzaona ana ao, ndi masewera amene tsopano anali ao.

Aphunzitsi anzanga, maina amene ndachula m'nkhani ino ndi a anthu amene analembedwa m'mabuku a mbiri. Koma mtsikana wa ku Bertrand, wa ku Hooper ndi wa ku Cortland, asanafike kwa Bambo Pettit kapena Bambo Cook, ali yense anayamba ndi mphunzitsi wa pa sukulu ya kwao, amene anatsala naye pabwalo belu litalira, namuonetsa kaikidwe ka mikono kambirimbiri kufikira anadziwa. Aphunzitsi amenewo maina ao sali pa cikho, ndipo ana ambiri amene anawaphunzitsa sanakhale akatswiri, koma popanda iwo Bambo Pettit akadakhala ndi nzeru zao zonse alibe wowasewerera. Ukulu wa Bambo Pettit unali pa kuzindikira cimeneci msanga, ndi kupereka nthawi yao kwa aphunzitsiwo pa zaka zimene panalibe wowayamika. Tsono amene mwa inu ali ndi mpira umodzi wokha ndi cingwe comangidwa pakati pa mitengo iwiri, asanyozere ora la masewera kapena kulisiyira anyamata okha. Aitane atsikana nao pabwalo, awaphunzitse kulandira mpira molongosoka kuyambira tsiku loyamba, ndipo zimene adziwa azigawire mphunzitsi mnzake wa pa sukulu yoyandikana nayo.